Vinyo Wamakani wa Deolinda

Anthu akamandifunsa za Deolinda amayembekezera kuti ndiwauza kuti amaukonda munda wake wa mphesa. Sindiwauza zimenezo chifukwa ndi bodza. Ndamudziwa kuyambira tili ana, tikukhala benchi imodzi kusukulu. Ndine ndinamunyamulira mwana wake paubatizo, n'chifukwa chake timaitanana kuti komadre. M'zaka zonsezi sindinamumvepo akuuyamikira mundawo. Amaunena ngati mmene munthu amanenera m'bale wodwaladwala yemwe abale ena onse anamuthawa.

Ine ndine Idalina. Ine ndi malemu amuna anga tinkaotcha tiana ta nkhumba pa kamalo kathu kodyera m'mphepete mwa msewu wopita ku Mealhada, ndipo kuseri kwa uvuni wathu ndi kumene unayambira munda wa a Zeferino, bambo ake a Deolinda. Mundawo unali pawiri. Wa kumunsi unagundana ndi msewu, dothi lake lakuda, losunga madzi. Wa kumtunda unakwera chitunda chonse mpaka pa mitengo ya paini, makande otuwa osakanikirana ndi miyala yoyera, oti mvula ikagwa amakuvula nsapato, dzuwa likawomba amathyola khasu. Monsemo munali mphesa za mtundu wa baga, zija zazing'ono zakuda zothithikana pa phava, zimene zimapsa mochedwa kuposa zina zonse.

Deolinda ankafuna kukhala telala. Ali ndi zaka makumi awiri ndi ziwiri anapeza malo kwa mayi wina wosoka madiresi a ukwati ku Aveiro, ndipo sutikesi anali atalongedza kale. Munda unali woti adzatenge mlongo wake wamng'ono, Horácio; mudzi wonse unkadziwa zimenezo. Koma sabata yomweyo Horácio analandira kalata yomuitanira ku nkhondo ya ku Africa, ndipo m'malo mokakwera sitima ya asilikali anadutsa mapiri wapansi n'kukatulukira ku France. A Zeferino anatha chaka osatchula dzina lake. Kwa Deolinda anangoti, "Ukhale kaye tikolole." Iye anamasula sutikesi. Chaka chotsatira anamuuzanso chimodzimodzi. Chaka chachitatu sanavutike n'kunena komwe.

Anakwatiwa ndi Firmino, munthu wofatsa wogwira ntchito ku fakitale ya matailosi, n'kubereka mwana mmodzi, Célia. M'munda ntchito zonse zinali zake: kudulira mipesa m'chisanu cha Januwale zala zitachita dzanzi, kumangirira nthambi, kupopera mankhwala, kusenza madengu. Koma m'nyumba ya vinyo sankaloledwa kuponda mphesa zikamawira. A Zeferino ankakhulupirira, monga akuluakulu onse a nthawiyo, kuti mkazi akalowamo vinyo amasasa.

Chaka chimene Célia ankaphunzira kuyenda, a Zeferino anagwa pakhomo pa nyumba ya vinyoyo, patangopita masiku atatu mphesa zitapondedwa. Anafa mbali imodzi, pakamwa n'kupotoka. Adokotala atachoka, Deolinda anabwera pampanda ali ndi mwana m'manja.

"Idalina, tandigwirire mwanayu."

"Ukupita kuti?"

"Sukumva fungo limenelo? Makoko onse a mphesa ayandama pamwamba m'thankimo. Akauma pamenepo, vinyo yense asanduka viniga."

"Nanga amuna ako?"

"Aweruka dzuwa litalowa. Ndiponso thankilo amaliopa ngati chitsime."

"Bambo ako akamva akupha, iwe."

"Adzuke kaye."

Anatsegula zitseko zonse ziwiri kuti mpweya woipa utuluke, anakwera pathabwa lopingasa pamwamba pa thanki, n'kuyamba kumiza makoko ndi mtengo wautali wa bambo ake. Ankatero katatu pa tsiku. Manja anatupa matuza, matuza anaphulika, anamanga nsanza n'kupitiriza. Masana aliwonse ankatunga pang'ono m'tambula n'kupita nayo pa bedi la bambo ake. Iwo ankadziwa bwinobwino amene watunga, koma sanafunse. Ankanyowetsa milomo, vinyo wina n'kumatayikira pa pilo, kenako ankapukusa mutu. Iye ankamwa wotsalayo kuti amve chimene akukanacho. Tsiku lachisanu ndi chinayi analawa asanalowe m'chipinda, n'kunena ali pakhomo pomwepo kuti, "Ababa, wafika. Mawa ndikuthira m'migolo." A Zeferino analawa, anamuyang'ana nthawi yaitali, n'kutembenukira kukhoma. Sanamuyamikire, sanamuletse. Anakhala ndi moyo zaka zina zinayi, ndipo m'nyumba ya vinyo sanalowemonso.

Za vinyoyo ndinene ine, poti ndawathirira anthu zaka zoposa makumi anayi. Deolinda amamupanga monga ankapangira bambo ake: mphesa kuziponda pamodzi ndi timitengo take, kuzisiya ziwire m'thanki ya miyala yotsegula pamwamba, kenako kuthira m'migolo ikuluikulu ya matabwa imene anagula agogo ake. Ndi wofiira moderako, ndipo mulibe kutsekemera ngakhale kadontho. Akakhala wa chaka chimodzi amanyung'unya moti nkhama zimakhwinyata, lilime kuuma gwa ngati mwaluma chipatso chosapsa. Mlendo amalavula. Koma mukamuiwala m'botolo zaka zisanu ndi zitatu kapena khumi, ukali wonse uja umagona pansi. Amanunkhira ngati nkhalango ya paini mvula itangokata, ngati zipatso zakuda zoumitsa padzuwa, ndi kautsi kapatali. Ndiye mumudyere nyama yathu ija yonona, ya adyo ndi tsabola, chikopa chake chikuthetheka m'mano: amatsuka mafuta onse mkamwa n'kukusiyani mukufuna nthuli ina. Sanyengerera munthu. Koma amene anamuzolowera, vinyo wina aliyense amawamvekera ngati madzi a shuga.

Deolinda mwini wake amamwa theka la tambula pa nkhomaliro, basi. Tsiku lina ndikumufotokozera za fungo la paini lija anandidula pakamwa. "Iwe ukumva paini, komadre. Ine ndikumva msana."

Kenako inafika nyengo imene anthu anatopa ndi kudikira. Aliyense m'mudzi muno anayamba kuzula baga n'kubzala mphesa zakunja, zopsa mvula isanabwere, za vinyo wofewa womwa chaka chomwecho. Mathirakitala ankalira m'minda yonse. Zitsa za mipesa yakale zinaunjikana m'mphepete mwa msewu, moti ife tinaotchera nazo nkhumba zaka ziwiri osagula nkhuni. Firmino sankakonda mikangano, choncho anayesa kamodzi kokha. Ndinali pomwepo ndikuwathandiza kutsuka mabotolo.

"Mayi a Célia, anzathu onse azula. Ifeyo tikudikira chiyani?"

"Mukazula mubzala ndinu?"

"Tibzala tonse."

"Tonse wake uti? Inu m'mawa uliwonse ndi ulendo wa ku matailosi. Zaka zinayi ndikhale ndikulera timipesa tanthete ngati makanda, kuthirira, kumangirira, kenako ndiyambirenso kuphunzira kuti zimapsa liti, zimadwala chiyani. Ndili ndi zaka makumi anayi ndi zisanu ndi ziwiri, bambo. Mphesa izi ndi zoipa, koma kuipa kwake ndikukudziwa."

"Koma vinyoyu palibe akumufuna."

"Ndiye akhale."

Anakhaladi. Ogula anachepa mpaka kutsala ife ndi nkhalamba zingapo zimene zinkabwera ndi zigubu zawo. Chaka chilichonse Deolinda ankathira vinyo m'mabotolo chifukwa migolo inkafunika ya mphesa zatsopano, n'kuwasanjikiza kukhoma opanda pepala lililonse, chaka chokha chitalembedwa ndi choko pathabwa. Khoma limodzi litadzaza anayamba lina. Firmino ankaseka kuti tsiku lina anthu adzawapeza awiriwo atadzimangira m'kati mwa mabotolo. Firminoyo anamwalira atangopuma ntchito, ndi matenda a m'mapapo, Célia ali kale ku Switzerland kumene ndi namwino. Deolinda anatsala yekha ndi munda wonse uja. Pokolola ankaitana aganyu, zina zonse ankachita ndi manja ake. Madzulo ndinkamuona akutsika chitunda chammbali ngati nkhanu, dzanja lina lili pachiuno.

Lamlungu lina masana pamalo pathu panabwera mtsikana wa ku Lisboa, dzina lake Benedita, yemwe ntchito yake ndi kusankhira vinyo malo odyera a anthu olemera. Anati ndisamupatse wa pamndandanda, ndimupatse amene ndimamwa ineyo. Ndinatsegula botolo lopanda pepala la zaka khumi ndi zinayi. Ananunkhiza, analawa, n'kuika foloko pansi. Nyama inazizirira m'mbale iye akungoyang'ana m'galasi.

"Mayi, wapanga vinyoyu ndani?"

"Ali kuseri kwa mpandaku. Kapena akumwetsa nkhuku."

Ndinamuperekeza. Tinamupeza Deolinda atakhala pa ndowa yovundikira, atavula nsapato imodzi, akusisita bondo. Benedita analankhula nthawi yaitali: kuti vinyo wotere anasowa, kuti wa masiku ano yense amakoma mofanana, kuti uyu yekha ukamumwa umadziwa dothi limene wachokera. Deolinda ankangogwedeza mutu, maso ali pa nkhuku. Titamulowetsa m'nyumba ya vinyo n'kuona makoma atatu a mabotolo, mtsikanayo anagwira pakamwa, misozi ili lengelenge.

"Dona Deolinda, mukudziwa chimene muli nachochi?"

"Ndikudziwa, mwanawe. Lililonse ndinanyamula ndine. Kawiri."

Kuyambira pamenepo mtendere unatha. Loweruka lililonse magalimoto ankadzaza mpaka pakhomo panga. Ankabwera anthu ovala nsapato zoyera, ofuna kuona migolo, ofuna kumujambula manja, ena olankhula zinenero zoti sitizimva. Mafunso anali omwewo sabata ndi sabata, iye ataimirira maola awiri pa simenti yozizira, mawa lake n'kulawirira kukapopera mankhwala. Wa nyuzipepala wina analemba kuti anakana kuzula baga chifukwa cholemekeza makolo ake. Nditamuwerengera anaseka mpaka kutsokomola. "Ulesi, komadre. Ndinalibe mphamvu basi. Koma asiye alembe." Mabotolo anayamba kuchepa kukhoma, denga anakonzetsa, anagulanso kathirakitala kakang'ono. Ndinamuuza kuti Mulungu wamukumbukira. Iye anati, "Wandipatsa nyama mano atatha."

Pa nthawi imeneyi ndi pamene Horácio anabwerera. M'zaka zonsezo ankabwera mwa apo ndi apo m'mwezi wa Ogasiti ndi galimoto yonyezimira, n'kubwerera kukolola kusanayambe. Tsopano anali atapuma ntchito ya umisiri womanga nyumba, mkazi atamwalira, mimba ili uko, mawondo atatha. Anaika masutikesi awiri m'chipinda cha malemu bambo ake ngati anangochoka dzulo. Ine ndinkaganiza kuti pabuka nkhondo. Sipanathe mwezi, tinamuona atavala chipewa cha a Zeferino, akulandira alendo pageti, akuwafotokozera mmene amapangira vinyo wake.

"Komadre, ukumumva mlongo wakoyo?" ndinatero. "Akuti vinyo wanga. Munthu wosasiyanitsa baga ndi nandolo."

"Musiye. Loweruka lapitali ndagona masana koyamba chimwalirireni bambo a Célia. Anene kuti ndi wake, ndi wa Papa wa ku Roma, ndi wa aliyense, bola asakhudze migolo."

Anakhala choncho zaka zinayi, Deolinda akumutcha Mfalansa, Horácio akumutcha abwana. Ankakangana za mchere wa mu supu ndi za wailesi, koma za zaka zimene Horácio kunalibe sankaziyamba.

Chiuno cha Deolinda chakumanja chinali chitatheratu. Anadikira nthawi yaitali kuti amuitane ku opaleshoni, ndipo kalata itabwera, tsiku lake linagwera pakati pa Seputembala. Anaipinda n'kuibisa pansi pa mbale ya zipatso osauza munthu. Ndine ndinaiona, ndinenso ndinamuimbira Célia, ndikuvomera. Célia anakwera ndege sabata yomweyo.

"Amayi, mukapanda kupita mudikiranso chaka china. Mukufuna muzidzakolola tikukukankhani pa njinga?"

"Mphesa sizidikira dokotala."

"Amalume alipo."

"Ndicho chikundiopsa chimenecho."

Horácio anamenya tebulo. "Achemwali, ine ndamanga nyumba za nsanjika khumi ku Lyon. Ndilephere kuthyola tizipatso?"

"Kuthyola ngakhale mbuzi imathyola, Mfalansa iwe. Nkhani ndi tsiku lake."

Ndipo ndi zoona. Baga imapsa kumapeto kwa Seputembala, nthawi yomweyo imene mvula yochokera kunyanja imayamba kusonkhana. Ukafulumira, vinyo amawawasa moti ngakhale zaka makumi awiri sagonja. Ukachedwa, mvula imakupeza, ndipo mapava othithikana aja amaola m'kati m'masiku ochepa. Zaka makumi anayi ndi zisanu Deolinda ankasankha tsikulo yekha, akuyenda m'mizere m'mawa, akutafuna mphesa apa ndi apo, akuyang'ana kumadzulo.

Anagwirizana chonchi: iye apita kuchipatala ku Coimbra, koma pakapita masiku awiri aliwonse Horácio azimubweretsera mphesa zoti alawe, zina za kumunsi, zina za pakati, zina za kumtunda kwenikweni. Opaleshoni inayenda bwino. Célia anabwerera ku ntchito. Koma bala linachedwa kupola, thupi linatentha, ndipo masiku asanu amene ankayembekezera anasanduka masabata atatu.

Ndinapita naye Horácio kawiri. Ankatenga mphesazo m'kabokosi ka pulasitiki kotengera chakudya. Ulendo woyamba Deolinda anatafuna, analavulira njere m'dzanja, n'kuzitembenuza ndi chala. "Zikadali zobiriwira. Sizinafike." Ulendo wachiwiri unali Lolemba. Tinamupeza atatuwa, maso atalowa, sanagone bwino ndi ululu.

"Achemwali, pa wailesi akuti mvula Lachinayi," anatero Horácio.

"Amatero chaka chilichonse." Anatafuna imodzi, kenako ina, nkhope itachita tsinya. "Wathyola pati izi?"

"M'munda, nanga kuti?"

"Kumtunda ndi kumunsi komwe?"

"Eee, konsekonse."

Anatembenukira kuzenera. Zeneralo linayang'ana khoma la nyumba ina ya chipatalacho, thambo likungooneka kampata. "Ndikanakhala kwathu ndikananunkhiza mphepo," anatero chapansipansi. Anayang'ananso njere m'dzanja lake. "Tidikire masiku anayi."

"Achemwali, pakadafunda padajiwitsa. Tiyeni tingothyola."

"Ukathyola izi upanga chinthu choti ngakhale adzukulu ako adzalavula. Dikira. Tsopano pitani, ndikufuna ndigone."

Mvula inabwera Lachinayi. Sinali ya mabingu yoti igwe n'kupita. Unali mvumbi wofunda, wopanda mphepo, masiku asanu ndi limodzi osakata. Mphesa zinamwa madzi n'kuyamba kung'aluka. Tsiku lachinayi chuku chotuwa chinali chitayamba m'kati mwa mapava, ndipo fungo lake linkafika mpaka pa uvuni wanga. Ndinkamuona Horácio akuyendayenda m'mizere ya kumunsi wopanda chipewa, wopanda ambulera, akugwira phava ili n'kulisiya, kugwira lina. Ndinamuitana kuti adzamwe supu, sanabwere.

Mvula itakata ndinatseka malo anga masiku awiri. Tinaitana aganyu ndi aliyense amene anali ndi manja, n'kulowa m'matope. Za kumunsi zinali zitaoleratu, tinangozisiyira mbalame. Za kumtunda tinathyola zonse, zabwino ndi zoipa zomwe. Tsiku lachiwiri la kukolola ndi limene Deolinda anatulutsidwa m'chipatala. Anakana kugona pa bedi. Tinamuikira mpando wautali pakhomo pa nyumba ya vinyo, tebulo patsogolo pake, bulangete m'miyendo, ndipo anayamba kutenga phava limodzilimodzi n'kumadula zoola ndi kalumo kake kosokera. Ine ndinakhala mbali ina ya tebulo ndi mpeni. Horácio ankatsitsa mabokosi m'thirakitala.

Patapita kanthawi anasankha mphesa imodzi yathanzi, anatafuna, n'kulavulira njere m'dzanja. Anaziyang'anitsitsa. Anatenga ina pa phava lina, chimodzimodzi.

"Horácio."

Sankamuitana ndi dzina limenelo kawirikawiri. Iye anaika bokosi pansi.

"Izi zachokera kumtunda?"

"Eee."

"Njere izi n'zakuda, zolimba. Sizinapse dzulo izi, ndipo mu mvula mphesa sizipsa. Zinali zitafika kale tsiku lija unabwera kuchipatala."

Horácio anayang'ana pansi. Thirakitala inali ikulirabe, anapita kukaizimitsa, n'kubwerera pang'onopang'ono.

"Mawondo, achemwali. Tsiku loyamba ndinayesa kukwera, ndinafika pakati n'kukhala pansi. Ndinatsika chokwawa. Kuyambira pamenepo ndinkathyola m'mizere ya kumsewu kuno. Ndimati mphesa ndi mphesa, munda ndi umodzi."

"Bwenzi utangonena. Idalina akanakwera."

"Ndinachita manyazi. Alendo onse aja ndawauza kuti munda uwu ndimaudziwa ngati chikhatho changa."

Ine ndinagwira mpeni wanga zolimba, poganiza kuti kalumo kaja kauluka. Koma Deolinda anangokaika patebulo. Kenako anapukuta dzanja pa bulangete n'kupumira m'mwamba.

"Nanenso ndili ndi langa. Lolemba lija ndinaona nsapato zako. Zinalibe fumbi loyera la kumtunda ngakhale pang'ono. Ndinaona, mtima n'kundiuza, koma ndinalibe mphamvu yokufunsa kachiwiri. Ndinkangofuna mutuluke ndigone." Anakankha bokosi ndi ndodo yake. "Tenga mpeni, khala pansi. Ntchito ikadalipo."

Horácio anakhala pansi n'kuyamba kudula. Munthu wa zaka makumi asanu ndi awiri, mapewa akugwedezeka, misozi ikutsikira m'ndevu.

"Usalirire m'mphesamo," anatero Deolinda osamuyang'ana. "Madzi achuluka kale."

Tinadula mpaka zala zinakana. Chaka chabwino migolo imadzaza isanu ndi itatu. Chaka chimenecho unadzaza umodzi ndi theka. Makoko ankamiza Horácio, atamanga mawondo ndi nsalu, Deolinda akumuuza zochita ali pampando pakhomo. Benedita anaimba foni kunena kuti vinyo wochepa chonchi anthu adzamulimbirana. Deolinda anamvetsera pang'ono, n'kupereka foniyo kwa Horácio. "Lankhula nawo ndiwe, umatha."

M'nyengo yachisanu anapereka munda wa kumunsi kwa banja lina loyandikana nafe kuti lizilima. Iwo anazula baga yense n'kubzala zawo. Tsiku limene thirakitala yawo inalowa ndinapita kukakhala naye, poganiza kuti zimupweteka. Ndinamupeza akusenda mbatata, wailesi ikulira. Anati, "Zitsazo ukatenge, usagule nkhuni." Anasunga wa kumtunda wokha. Horácio anaphunzira kukwera chitunda ndi kathirakitala kaja, ndipo alendo anawachepetsa kuti azibwera kamodzi pa mwezi.

Chaka chotsatira Célia anabwera ndi maganizo ake. Analipira nyumba ya sabata yathunthu kunyanja ku Mira, kumayambiriro kwa Seputembala, ndipo anati amayi ake apita afune asafune. Mphesa zinali zikadali ndi masabata atatu. Mira ndi ulendo wosakwana ola limodzi pagalimoto, koma Deolinda anali asanaionepo nyanja m'mwezi umenewo. Ananditenga nanenso kuti ndikhale womusunga.

Masiku awiri oyamba anagona ngati mwana. Ankadzuka, kudya nsomba zootcha, kumwa theka la tambula la vinyo wake amene tinatenga, n'kukagonanso pampando wa nsalu pansi pa ambulera, masokosi akuda ali m'miyendo, pakamwa pali yasa. Célia ankayenda monyang'ama kuti asamudzutse. Tsiku lachitatu ndinamupeza ali maso, atakhala tsonga, akuyang'ana kumene nyanja yathera. Kunali timitambo toyera, tating'ono, toti munthu wina aliyense sakanatiwerengera.

"Komadre, mphepo yatembenuka."

"Itembenuke. Iwe wabwera kudzapuma."

"Ndinkaganiza kuti ndikachoka pamundapo ndipuma. Ndagona masiku awiri, ndadzuka ndili wotopa chimodzimodzi. Kutopa kwake sikuli m'thupi ayi." Ananunkhiza mpweya. "Mvula ikhoza kufika msanga chaka chino."

"Horácio alipo."

Iye anangoti mawa tizibwerera kwathu.

Célia anakalipa, anachonderera, anatchula chiuno chatsopano ndi zonse zimene madokotala ananena. Deolinda sanatsutse chilichonse. Anamvetsera mpaka mwanayo anamaliza, n'kunena kuti, "Wanena zoona zokhazokha, mwananga. Tandipatsire ndodo yangayo." Tsiku lachinayi m'mawa tinalongedza. M'galimoto anagona tisanatuluke n'komwe m'tauni, mutu uli paphewa langa.

Titafika sanalowe m'nyumba. Anatsika, anasiya chikwama pageti, n'kuyamba kukwera chitunda ndi ndodo yake, akupuma pa mzere uliwonse, akutukwana makande, chiuno, Horácio, ndi ine amene ndinaulula za kalata ija. Célia anatsala m'galimoto, mutu uli pa chiwongolero. Ine ndinalowa m'khitchini, ndinatenga mpando, n'kumutsatira pambuyo.